Kukonza Pakhomo Alendo a Khirisimasi Asanafike

Kuno ku chigawo cha Tete alendo a kumapeto kwa chaka amafika pamodzi ndi mvula, ndipo aliyense wofuna kukonza pakhomo pake ayenera kuyambira pamenepo. Tsiku la 25 Disembala, limene boma la Mozambique limalitcha Dia da Família, kutanthauza Tsiku la Banja, pamene Akhristu akukumbukira kubadwa kwa Yesu, limagwa nthawi imene chimanga chamera, udzu wayamba kupikisana nacho, ndipo anthu a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde akulawirira kumunda ndi khasu paphewa. Sabata yomweyo ndi imene ana athu ogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, okhala mumzinda wa Tete, a ku Beira ndi a ku Joni amatsika m'machapa (maminibasi a kuno) ndi zikwama, ena atatenga akazi awo ndi makanda amene agogo sanawaonepo. Abale a ku Malawi nawonso amaolokera pa Zóbuè kapena pa Calómuè kudzadya nafe. Munthu amene wasiya ntchito zonse za pakhomo mpaka sabata yomaliza amapezeka kuti m'mawa akufunika kumunda, masana mvula ikugwa, madzulo alendo ali pakhomo. Ndi chifukwa chake ine ndimayamba kumayambiriro kwa Novembala, ndipo ndimakonza ndikuyang'ana miyezi ya Januwale ndi Febuluwale imene ikubwera kumbuyo kwa chikondwererocho, chifukwa nyumba yokonzedwa bwino ndi imene imatsala ndi chakudya komanso anthu athanzi alendo atabwerera kwawo.

Yambani ndi denga, musanagwire tsache. Lowani m'nyumba masana dzuwa lili paliwombo, mutseke chitseko ndi mazenera, kenako muyang'ane kumwamba. Paliponse pamene pakulowa kuwala padzalowanso madzi. Ngati nyumba ndi ya malata, ikani chizindikiro cha makala pa mtanda woyandikana ndi bowolo, ndipo mukakwera pamwamba mumate mabowo ndi phula, mukhomerenso misomali imene yazuka, makamaka m'mbali ndi m'makona, chifukwa mphepo imene imatsogolera mvula yoyamba imayambira kusasula pamenepo. Ngati ndi ya udzu, onani pamsonga ndi pamene udzu wawola, musinthe pulasitiki wong'ambika ndi kufolera mvula isanakhazikike, popeza udzu wofolera uli wonyowa suchedwa kuwola. Musaiwale denga la khitchini ndi la chimbudzi. Anthu ambiri amasamala nyumba yogona yokha, koma masiku a chikondwerero amayi amakhala m'khitchini kuyambira mbandakucha mpaka usiku, ndipo khitchini yodontha imazimitsa moto, imanyowetsa nkhuni, imachedwetsa chakudya cha anthu onse.

Mukatsika padenga, zungulirani nyumba ndi khasu. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, choncho kumbukirani kumene madzi anadutsa chaka chatha ndipo muwakumbire ngalande yowatsogolera kutali ndi khoma, kutali ndi nkhokwe, ndiponso kutali ndi chimbudzi. Kwezani khonde ndi dothi pamene lagumuka, ndipo pakhomo lolowera muumbe kachitunda kotchinga madzi. Amene amakhala m'malo otsika pafupi ndi mitsinje ya Zambezi ndi Revúbuè amadziwa kuopsa kwa nkhaniyi kuposa ine: mu Malichi 2019 madzi a Revúbuè anasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu ku Chingodzi ndi Matundo, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wina wa pamtsinje womwewo. Ngati kwanu ndi kotere, sonkhanitsani ziphaso zonse, makadi a kuchipatala a ana, zikalata za kusukulu ndi mapepala a malo, muzikulunge m'pulasitiki wosalowa madzi, muziike pamalo okwera pamene munthu wamkulu aliyense wa m'nyumbamo akudziwa.

Tsopano tibwere ku chakudya, kumene ndikhalitsepo chifukwa ndi kumene mabanja ambiri amavulalira. Tulutsani matumba onse a chimanga, nyemba, mtedza ndi soya tsiku ladzuwa, musese chipindacho, mumate maenje a makoswe, ndipo mutsegule thumba lililonse kuti muone ngati anankafumbwe alowamo. Mukapisa dzanja n'kutuluka ndi fumbi loyera, thumba limenelo lipite kuchigayo poyamba, ndipo lisabwererenso kukasanjikizana ndi amene ali bwino. Pobwezera matumba, musawaike pansi penipeni kapena kuwatsamiritsa kukhoma. Yalani njerwa kapena miyala, muike mitengo pamwamba pake, ndipo musiye mpata woti dzanja lingadutse pakati pa thumba ndi khoma.

Zimenezi ndinaziphunzira movutika. Chaka china tinakonoletsa ndi kugayitsa matumba awiri a ufa woyera masiku anayi Khirisimasi isanafike, ndipo chifukwa cha kutopa tinangowakhazika pansi kuseri kwa chitseko, tikumati mawa tiwakweza. Usiku womwewo kunagwa mvula yamphamvu, madzi analowa pansi pa chitseko, ndipo m'mawa tinapeza kunsi kwa matumba onse awiri kwasanduka phala lozizira lonunkha chinyezi. Amayi anakhala pakhonde tsiku lonse ndi lichero pamiyendo, akupatula ufa wouma ndi wonyowa, osalankhula kanthu, pamene ife tinkayanika wotsalawo pamphasa n'kumaulowetsa m'nyumba nthawi iliyonse mtambo ukada. Alendo anadya ndithu, koma chimanga chimene tinatapa kuti tibwezere ufawo chinali cha mwezi wa Febuluwale.

Choncho musanagayitse, werengani. Chimanga chatsopano chouma sichilowa m'nyumba mpaka cha m'ma Epulo kapena Meyi, ndiye ngati banja lanu limamaliza thumba limodzi la makilogalamu 50 pamwezi, mukufunika matumba osachepera asanu kuyambira Disembala mpaka Epulo. Amenewo apatuleni, muwamange bwino, ndipo muuze onse a m'nyumba kuti sakhudzidwa. Zimene zatsala pamwamba pa matumba amenewo ndi zimene mungaphikire alendo, kufululira thobwa, kapena kupatsa abale pobwerera. Ngati palibe chotsala, ndi bwino kudziwa zimenezo mu Novembala, pamene mungathe kuuza ana anu a kutauni momasuka kuti adzabwere ndi mpunga, mafuta ophikira, shuga ndi sopo, kusiyana ndi kudzazindikira nkhokwe itapepuka kale. Palibe chochititsa manyazi pouza mwana wako zoona za pakhomo pa makolo ake. Mwana amene wauzidwa bwino amabwera ndi zofunika, pamene amene sanauzidwe amabwera ndi zakumwa zokhazokha.

Kukonola, kuviika mphale ndi kuyanika kumafuna dzuwa, ndipo dzuwa la Disembala ndi losadalirika, makamaka kumapiri a Angónia ndi Tsangano. Pitani kuchigayo kumayambiriro kwa mweziwo, mzere usanatalike ndiponso magetsi asanayambe kuthimathima chifukwa cha mphezi, ndipo ufa ukauma bwinobwino muusunge m'ndowa zokhala ndi zivundikiro. Chimodzimodzinso chimera cha thobwa: kuviika mawere kapena chimanga, kudikira kuti chimere, kuchiyanika ndi kuchisinja kumatenga masiku oposa sabata imodzi, ndipo chimera chosauma bwino chimachita nkhungu. Chikonzeni Novembala asanathe.

Za ndiwo, gulani msanga zimene sizionongeka. Nsomba zouma za chicoa ndi kapenta wa ku Cahora Bassa zimasungika ngati mwazipachika m'dengu pamalo opita mphepo, kutali ndi mphaka, ndipo muzizitulutsa padzuwa nthawi ndi nthawi. Nyemba, mchere, anyezi ndi mbatata ya kachewere, imene ku Angónia ndi Tsangano imalimidwa kwambiri, zikhale pamalo amdima ndi ouma. Mbuzi ya ku Tete ndi yodziwika dziko lonse chifukwa cha kukoma kwake, ndipo ikamayandikira Khirisimasi oifuna amachuluka, mtengo n'kukwera, kotero ngati muli ndi khola ndi msipu, iguleni msanga muziidyetsa nokha. Nkhuku zogula kumsika musaziphatikize ndi zanu tsiku lomwelo. Zitsekereni pazokha kwa masabata awiri, chifukwa chitopa chimalowa pakhomo kudzera mwa nkhuku yachilendo, ndipo chingathe kumaliza khola lonse sabata ya chikondwerero isanakwane. Alangizi a ziweto akamayenda ndi katemera wodonthezera m'diso mu Novembala, tulutsani nkhuku zanu zonse, ndi anapiye omwe.

Ndalama nazonso zikonzedwe ngati mmene takonzera matumba. Kaya zachokera ku fodya, ku mbatata, ku malipiro a mwezi kapena ku xitique, chimene ena amati chipereganyu, zigaweni patatu musanapite kumsika. Gawo loyamba ndi la kumunda, la feteleza wobereketsa ndi la aganyu opalira, chifukwa chimanga sichidikira kuti phwando lithe. Gawo lachiwiri ndi la sukulu, popeza ana amabwerera m'kalasi kumapeto kwa Januwale kapena kumayambiriro kwa Febuluwale, ndipo adzafuna yunifolomu, makope ndi nsapato. Gawo lachitatu ndi limene mungadye. Magawo awiri oyambawo musawasunge m'thumba la malaya. Aikeni pafoni ku M-Pesa kapena e-Mola, kapenanso mugulirenetu fetelezayo ndi makopewo, chifukwa meticali imene ili pafupi imatha mosadziwika nyimbo zikayamba kulira. Amene muli ndi magetsi, gulani mayunitsi a magetsi a Credelec okwanira masiku angapo chikondwerero chisanafike, pokumbukira kuti nyumba yodzaza alendo imatchaja mafoni ambiri, imayatsa wailesi yakanema tsiku lonse, ndipo firiji imatsegulidwa kosalekeza.

Zikatha izi ndi pamene mungalowe m'zipinda. Tulutsani zonse panja tsiku limene kwacha bwino: mphasa, mikeka, matiresi, mabulangete ndi masutikesi a pansi pa bedi. Kunthani fumbi, yanikani padzuwa, ndipo muyang'ane m'misoko ya matiresi ndi m'ming'alu ya mabedi ngati muli nsikidzi. Madzi owira othira m'ming'alu ya bedi amathandiza, ndipo ming'alu ya m'khoma imatidwe. Nyumba yapansi padothi izilidwe pasadakhale kuti iume, ndipo ngati mukufuna kupaka laimu, pakani makoma akadali ouma. Pobwezera katundu, musabwezere zonse. Zovala zimene ana akula nazo, mapoto obooka, mabatire akutha ndi nsapato zopanda inzake zimadya malo amene mlendo akanagonapo. Zovala zabwino zipatuleni kuti mupatse ana a abale, zina zonse zichoke m'nyumba. Makasu, zikwanje, nkhwangwa ndi njinga zipezeredwe malo amodzi kunja kwa njira yodutsamo anthu usiku.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha kuti muchichite lero lomwe, osadikira tsiku loyeretsa. Mankhwala a m'munda, a m'fodya, a anankafumbwe ndi a makoswe, pamodzi ndi petulo wa njinga yamoto ndi palafini, zichoke m'chipinda chogona ndi m'khitchini, zikakhale pamalo okhoma kapena okwera kwambiri. Ambiri a ife timasunga petulo ndi mankhwala m'mabotolo a zakumwa zoziziritsa kukhosi. Ana a pakhomo amadziwa kuti botolo la kuseri kwa chitseko silimwedwa, koma mdzukulu wa zaka zitatu wochokera kutauni sadziwa, ndipo masiku amenewa ndi amene ana amaona mabotolo otere m'manja mwa aliyense.

Kagonedwe ka alendo kakonzedwe ndi bambo ndi mayi atakhala pansi limodzi, ndipo imbani mafoni kuti mudziwe amene akubwera, tsiku lofika ndi masiku amene akhale. Mwambo wathu uli ndi malire amene nyumba yopanikizana imatha kuwaphwanya mosafuna. Mkamwini asapatsidwe malo amene angamukakamize kudutsa pamene apongozi ake agona akafuna kutuluka usiku, ndipo mtengwa amene akubwera koyamba apatsidwe chipinda chokhala ndi chitseko, ngakhale zitatanthauza kuti eni nyumba asamukire pabalaza. Agogo akhale pafupi ndi khomo lotulukira, pamalo opanda chopunthwitsa. Atsikana angathe kugona ndi agogo aakazi kapena azakhali awo, anyamata kugowelo kapena kwa amalume. Ngati malo ndi ochepa, kambiranani ndi achibale oyandikana nawo mwezi usanathe, osati kukagogoda usiku alendo ataima pabwalo ndi zikwama. Chinsalu chotchinga, chingwe chopachikapo zovala ndi msomali wokolowekapo chikwama ndi zinthu zazing'ono, koma zimamuuza mlendo kuti anayembekezeredwa.

Malo alionse ogona akhale ndi neti yake. Nyengo ya mvula ndi nyengo ya malungo, ndipo amene ali pangozi kwambiri ndi ana aang'ono, amayi oyembekezera, ndi abale amene akhala zaka zambiri kumalo kumene malungo ndi osowa, monga ku Johannesburg, chifukwa matupi awo sakhalanso ozolowera matendawa. Tulutsani maneti onse, musoke pamene pang'ambika, ndipo mukhomeretu misomali kapena kumangiratu zingwe ngakhale pabalaza pamene padzayalidwe mphasa. Neti yatsopano iyambe yapachikidwa pamthunzi tsiku lathunthu isanagonedwe, ndipo yochapidwa iyanikidwe pamthunzi, osati padzuwa, kuti mankhwala ake asathe mphamvu. Pabwalo, tchetchani udzu, kwirirani zithaphwi, ndipo zitini, matayala akale ndi miphika yosweka zisasiyidwe zikusunga madzi. Mwana wa mlendo akatentha thupi, apite kuchipatala tsiku lomwelo kukayezedwa, ngakhale litakhala tsiku la chikondwerero.

Madzi ndi chimbudzi ndi zimene eni nyumba amaziiwala chifukwa anazizolowera. Chimbudzi chimene chimakwanira anthu asanu chidzalandira anthu khumi ndi asanu, nthaka ili yonyowa. Onani ngati dzenje latsala pang'ono kudzaza, ngati mitengo ya pansi yadyedwa ndi chiswe, ndipo ngati mukukayika kumbani china mu Novembala. Pabowo pakhale chivundikiro, pakhomo pake pakhale chigubu cha madzi ndi sopo kapena phulusa. Kolera yavutitsapo chigawo chathu kangapo m'nyengo za mvula, ndipo imafala msanga pamene anthu ambiri akudya ndi kumwa pamodzi. Tsukani mitsuko, ndowa ndi zigubu zonse, mupatule za madzi akumwa, ndipo madziwo muziwawiritsa kapena kuthiramo mankhwala oyeretsa madzi a Certeza motsatira muyezo wolembedwa pabotolo, n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Pamtsuko pakhale kapu imodzi yotungira imene sigwiritsidwa ntchito pomwera. Posamba m'manja musanadye, thiranani madzi kuchokera m'jagi m'malo moti onse apise m'beseni limodzi. Sungani mapaketi a mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi, ndipo ngati mulibe, dziwani kuti lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere zimathandiza wotsekula m'mimba pamene mukupita naye kuchipatala.

Ku khitchini, unjikani nkhuni pansi pa denga ndipo makala akhale pamwamba pa miyala. Mangani thandala lolimba loyanikapo mbale, kumbani dzenje la zinyalala chapatali, ndipo miphika ikuluikulu, mbale ndi mipando zimene mudzabwereke muzipemphe msanga, n'kuika chizindikiro pansi pa chilichonse kuti pobweza pasadzakhale mkangano. Mbaula yoyaka isalowe m'chipinda chotseka, ngakhale kukuzizira bwanji ku Ulónguè kapena ku Furancungo, chifukwa mpweya wa makala umapha anthu ali m'tulo. Kumunsi kwa chigawo, mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, vuto ndi kutentha, kumene kumapitirira madigiri 40 masiku ena, ndipo nyama yosiyidwa pambale kuyambira m'mawa imakhala itayamba kuonongeka dzuwa lisanalowe. Iphani mbuzi tsiku limene idyedwe, yotsala muiwambe pamoto kapena muithire mchere n'kuiyanika, ndipo chakudya chogona chitenthetsedwe mpaka chiwire musanapatse ana.

Ntchito zonsezi zisagwere munthu mmodzi. Ndaona makomo ambiri kumene mayi amafika tsiku la 25 miyendo itatupa, osapita n'kutchalitchi komwe, pamene amuna ndi anyamata akhala pansi pa mtengo wa mango akudikira nsima. Denga, ngalande, chimbudzi, nkhuni, kupha ndi kusenda mbuzi zikhale m'manja mwa abambo ndi anyamata, ana apatsidwe kusesa pabwalo ndi kutola zinyalala, ndipo alendo okhala masiku oposa awiri alowe nawo pa kutunga madzi ndi kutsuka mbale. Mlamu amene wapatsidwa mthiko amamasuka msanga kuposa amene wangokhazikidwa pampando. Kumunda nakonso, yesetsani kumaliza kupalira koyamba pofika pa 20 Disembala, kuti masiku a alendo asakhale masiku amene udzu ukumeza chimanga.

Pomaliza konzeranitu za ulendo wobwerera. Pambuyo pa 1 Januwale machapa a mumsewu wa N7 amadzaza, ndipo aliyense amafuna kunyamuka tsiku limodzi. Mphatso za abale, kaya ndi nyemba, mbatata, ufa wa malambe kapena nkhuku, zipatuleni alendo asanafike ndipo zichokere pa zotsala zija, kuti pa tsiku lotsanzikana, mtima uli wofewa, dzanja lisapite ku matumba amene munamanga. Alendo akangonyamuka, bwezani miphika ndi mipando ya eni ake tsiku lomwelo, chapani zofunda, tsitsani maneti owonjezera muwapinde m'thumba, ndipo mulowe m'chipinda cha chakudya mukawerenge matumba, mupisenso dzanja kunsi kwa lililonse kuti mumve ngati kuli kouma.